Imfa Yoyamba ya Isom Gatlin

Anthu amene amasonkhanitsa mbale zakale za galamafoni amanena kuti Isom Gatlin, woimba gitala wa ku Mississippi, anafa ndi chibayo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Amanena motsimikiza, popeza anazimva kwa mkazi wake weniweni. Chimene sadziwa n'chakuti pamene mkaziyo, Arzula, ankawauza zimenezo, m'chilimwe cha 1964, wakufayo anali m'nkhokwe kuseri kwa nyumba, atakhalira zitsononkho, akumva zonse.

Isom anabadwira pamunda wa thonje kufupi ndi mtsinje wa Yazoo. Chaka chake sichidziwika bwino. Amayi ake ankangoti ndi chaka chimene madzi anafika pakhonde, koma pakhonde limenelo madzi anafikapo kangapo. Anayamba kuimba ndi waya womasula ku tsache, womukhomera pakhoma la nyumba, akuyendetsapo kabotolo. Atakula anapeza gitala, ndipo m'malo mwa kabotolo ankayendetsa mpeni pa mawaya, gitalayo n'kumalira ngati munthu. Mkati mwa sabata ankatsata nyulu m'munda. Loweruka ankaimba m'nyumba zimene amakazingamo milamba ndi kugulitsa kachasu wa chimanga, nyimbo zija eni ake amazitcha blues, a mpingo n'kumazitcha za Satana.

Arzula anali mwana wa dikoni. Ena amati gitala ija ndiyo inamukopa, koma amene anamudziwa mayiyu sangavomereze zimenezo. Sanali munthu wokopeka. Ankaponya ndalama yachitsulo patebulo kuti amve kulira kwake asanailandire, ndipo malaya a mwamuna wake ankawanunkhiza asanawachape. Anakwatiwa ndi Isom akudziwa bwino lomwe kuti ndi wotani, ndipo kuyambira pamenepo anatenga ntchito yomukayikira ngati ntchito ina iliyonse ya pakhomo.

Mu 1930, mzungu wina wogulitsa mipando ndi magalamafoni m'tauni anamumvetsera Isom kuchipinda cha kuseri kwa sitolo yake, namuuza kuti kampani ina ya kumpoto ikufuna kujambula nyimbo zake. Anamupatsa tikiti ya sitima.

"Yobwerera ilipo?" anafunsa Arzula.

"Akandipatsa komweko."

"Akakupatsani komweko. Ndipo inu mwakhulupirira. Bambo, mzungu anayamba liti kunyamula munthu wakuda pa sitima popanda khasu kapena unyolo?"

Isom anapita, ndipo anabwerako, chinthu chimene Arzula sanachiwerengere ngati umboni woti iye analakwa. Anafotokoza za chipinda chapamwamba pa nyumba yosungiramo katundu, chopanda zenera, makoma ake atakutidwa ndi mabulangete. Anati anamuvula nsapato n'kumuikira mtsamiro pansi pa phazi, chifukwa kuponda kwake kunkadumphitsa singano. Anati panali nyali yofiira imene ikayaka unkayenera kumaliza nyimbo msangamsanga, ngakhale nkhani yake ili pakati. Anaimba nyimbo zisanu ndi imodzi. Sanamveko ndi imodzi yomwe, chifukwa mawuwo ankalembeka pa phula lofewa limene likanawonongeka akanaliliza. Anamuuza kuti adikire mbale zenizeni, zidzafika kusitolo. Pa zonsezi Arzula anakhulupirira za mtsamiro zokha, poganiza kuti mwamuna wake sakanatha kupeka bodza lopusa choncho.

Mbalezo zisanafike, kunachitika chinthu chimene chinasintha zonse. Kapitawo wa pamundapo, mzungu woyendera antchito pa hatchi, anamupeza Isom ali m'tulo Lolemba dzuwa litakwera. Ena amati anamukwapula ndi chikoti. Ena amati anaponda gitala. Nkhani zonse zimagwirizana pa chimodzi: Isom anatola mpini wa khasu, ndipo kapitawo anagwa chibwano chitasweka. Munthu wakuda wochita zimenezo, akakhala ndi mwayi, ankapita ku munda wa akaidi. Ambiri sankafika n'komwe kwa woweruza. Tsiku lomwelo Isom ndi Arzula anadutsa m'madambo, ndipo kenaka anawoloka mtsinje waukulu kulowa ku Arkansas.

Malamulo a moyo watsopanowo anawakhazikitsa Arzula. Isom Gatlin anakhala Lige Mabry. Gitala asaigwirenso, chifukwa kaimbidwe ka munthu kamadziwika ngati nkhope yake, ndipo kamafika kutali kuposa nkhope. M'tchalitchi azingoyendetsa milomo. Kusitolo asadzayerekeze kufunsa mbale ya dzina lija. Sizinavute kwenikweni: zaka za mavuto a chuma zimene zinatsatira zinagwetsa kampani ija, ndipo mbale zochepa zimene zinagulidwa zinatha ndi kusweka. Dzina lake lokha Arzula sanasinthe. Ankati dzina la mkazi wothyola thonje palibe amalilemba, ndipo limene silinalembedwe silingatsatidwe.

Anakhala choncho zaka zoposa makumi atatu. Lige anali mlimi wapakatikati, wosalankhulitsa, wokonda kuweza nsomba. Ana sanakhale nawo. Anthu a m'deralo ankadziwa kuti banjali linachokera kutsidya mothamanga, koma sankafunsa, poti theka la iwo linabweranso chimodzimodzi.

Chilimwe cha 1964 chinali choipa kwa aliyense amene galimoto la kumpoto laima pakhomo pake. Achinyamata ochokera kumpoto ankabwera kudzalimbikitsa anthu akuda kulembetsa zovota, ndipo kumbuyo kwawo matchalitchi ankapsa. Choncho pamene Tempie, mayi woyandikana naye, anafika akupuma mwaphuma masana ena, Arzula anaika pansi nyemba zimene ankasenda.

"Achemwali, m'tauni muli azungu awiri. Akufunsa mayi wotchedwa Arzula."

"Apolisi?"

"Wapolisi wandevu munamuona kuti inu? Winayo wavala masandasi, zala zili pamtunda ngati mwana. Galimoto lake la kumpoto."

"Mwawauza chiyani?"

"Ine? Ine lero ndine wogontha. Wometa uja wawalozera njira ya kudambo. Abusa awauza kuti iwo ndi achilendo kuno, anthu sanawadziwe bwino."

Abusawo anali atabatiza pafupifupi aliyense wa m'deralo. Palibe amene anapangana ndi mnzake, ndipo kupangana sikunafunike. Mzungu wachilendo akafunsa munthu wakuda momutchula dzina, munthuyo sadziwika. Mayi sadziwa mwana wake, mlamu sadziwa mlamu wake. Ukhoza kudzafunsa pambuyo pake kuti mlendo uja ankafuna chiyani, koma kuloza kokha ayi.

"Vuto ndi mzungu wa papositi," anatero Tempie. "Uja akawafotokozera mpaka mtundu wa nkhuku zanu."

Lige anali pakhonde akusoka ukonde.

"Bambo, nyamukani. Kunkhokwe."

"Kutentha konseku, mayi? Muli makoswe muja."

"Kundende kulinso makoswe, ndipo kumeneko simudzabwerako kudzadya."

"Papita zaka zambirimbiri. Kapitawo uja mwina anafa kale."

"Mwina. Munapita ku maliro ake?"

Lige anapita akutsimphina, akung'ung'udza za bondo lake.

Galimotolo linafika litadzaza matope a kudambo. Anatsika anyamata awiri, wina wandevu, wina wamagalasi. Anadzera kutsogolo kwa nyumba, naima m'munsi mwa khonde osakwera, wandevuyo n'kuvula chipewa.

"Zikomo, mayi. Kodi ndinu Mayi Arzula?"

Chiyambire kubadwa, mzungu anali asanamutchulepo mayi, ngakhale kumuvulira chipewa. Ankamutchula dzina chabe, kapena "iwe mtsikana", ngakhale imvi zitamera. Arzula anaona kuti awa aphunzitsidwa bwino ntchito yawo.

"Mwasochera, bwana."

"Chonde musanditche bwana."

"Chabwino, bwana."

Wandevuyo anafotokoza kuti iwo ndi ophunzira, si aboma, ndipo akufunafuna woimba wina wakale dzina lake Isom Gatlin. Anati kumpoto kuli anthu amene amamulemekeza kwambiri, ngakhale pa mbale zake zonse yapezeka imodzi yokha, yong'aluka, pansi pa bedi la mayi wina. Arzula anati dzinalo sanalimvepo. Anati kuno a Gatlin kulibe, kuli a Gates, koma nawonso anasamuka.

Apo wamagalasi anatulutsa m'galimoto makina okhala ndi mawilo awiri a tepi, nawaika pa masitepe a khonde. Anati anajambulamo mbale ija. Arzula anabwerera m'mbuyo pang'ono, akuganiza kuti chinthucho chikujambula iye.

Poyamba kunamveka phokoso ngati la mafuta akuwira m'chiwaya. Kenaka mpeni unayenda pa waya. Mawu a mnyamata, okwera, onyada, osaopa kanthu, anatuluka m'makinamo n'kudzaza bwalo lonse: "Arzula, Arzula, tsegula chitseko, mame andinyowetsa." Anabwerezanso mzere womwewo. Kenaka anatchula dzina la munda umene ankakhala.

"Dzina limeneli si lofala," anatero wandevu mokondwa. "Tinayambira kumunda kuja. Mkulu wina anakumbukira kuti anaonapo Arzula wina tsidya lino."

Zaka zonsezi Arzula anabisa mwamuna wake, osadziwa kuti mwamunayo anali atalengeza kale dzina lake ku dziko lonse, pamodzi ndi kumene amakhala. Kukana tsopano kunalibe phindu. Anatsala ndi njira imodzi, ndipo anaitenga popanda kuphethira.

"Ameneyo anali mwamuna wanga. Anafa."

Nkhope za anyamatawo zinagwa. Arzula anaziyang'anitsitsa kuti aone ngati chisonicho ndi chenicheni, ndipo anavomereza mumtima kuti ngati ndi chongopeka, chapekedwa bwino.

"Anafa liti, mayi?"

"Nkhondo isanayambe. Chibayo."

"Manda ake tingakawaone?"

"Madzi anakokolola. Mukafuna, kafunseni kunyanja."

Nyimbo inali isanathe pamene chitseko cha nkhokwe chinalira. Lige anatulukira pakona ya nyumba, makoko a chimanga ali pachipewa, thukuta likuchucha, maso ali pa makina aja ngati munthu woyenda m'tulo. Arzula sanamupatse mpata wotsegula pakamwa.

"Awa ndi amuna anga achiwiri, a Mabry. Masana amagona m'nkhokwe. Mutu wawo suyenda bwino kukatentha."

Anyamatawo anamupatsa moni wa m'manja. Lige anayang'ana dzanja la mzungulo kanthawi asanaligwire, kenaka anakhala pansi pa masitepe, pafupi ndi makina.

"Mungalizenso, bwana? Ndinali patali."

Analizanso. Lige anamvetsera atawerama. Arzula anaona zala za dzanja lake lamanzere zikuyenda pa bondo la ovololo, ndipo anasuntha n'kuima pakati pa dzanjalo ndi maso a alendo.

"A Mabry, munkamudziwa Isom Gatlin?" anafunsa wandevu.

"Pang'ono."

"Anali munthu wotani?"

"Waulesi," anayankha Arzula. "Chidakwa. Wabodza. Akazi paliponse, ngakhale opanda mano."

"Aa, mayi, za opanda manozo ine sindinazimve," anatero Lige.

"Mukanazimva bwanji? Munalipo?"

"Ndikungoti anthu ankamuyamikira. Ankati akagwira gitala, ngakhale madikoni ankaima pamsewu ngati akumanga nsapato."

"Anthu ake ati? Zidakwa zinzake."

"Ankatinso anali wokongola."

"Anali ndi makutu ngati a nyulu. Inu, bambo, musamateteze munthu amene munamutengera mkazi."

Anyamatawo anaseka, nayang'anana mokondwa ngati atola chinthu chamtengo wapatali. Kenaka wandevu anapukusa mutu. Anati n'zachisoni, chifukwa akanakhala moyo akanamutenga pa ndege. Anati okalamba ena a nthawi imeneyo apezeka, ndipo tsopano akuimba m'maholo odzaza ophunzira amene amakhala chete ngati ali m'tchalitchi, n'kuimirira kuomba m'manja pomaliza. Anati akanamugulira gitala yatsopano, akanajambulanso nyimbo zake zonse, zisanu zotayika zija ndi zina.

Arzula anaganiza kuti iye akanatumidwa kukagwira mwamuna wake, nyambo imene akanasankha ikanakhala yomweyi. Anayang'ana Lige. Mkuluyo anali atadzutsa mutu, pakamwa pali potsegula pang'ono, ndipo Arzula anadziwa kuti mawu ali pafupi kutuluka. Anadziwanso kuti akatuluka, iye alibe chowabweza nacho.

"Maholo ake aakulu bwanji?" anafunsa Lige.

"Kuposa tchalitchi chilichonse cha kuno," anatero wamagalasi. "Ndipo nkhani yake anthu angaikonde. Kumunda kuja anatiuza kuti anamenya kapitawo n'kuthawa. Ndi zoona, mayi?"

Arzula anatembenukira kwa wamagalasi uja.

"Anakuuzani ndani?" anafunsa Arzula.

"Mwana wa kapitawoyo. Tsopano ndi munthu wamkulu, ali ndi sitolo pamphambano. Anatilandira bwino kwambiri, mpaka zakumwa zozizira. Anati bambo ake ankakamba za Isom mpaka imfa yawo. Anatipempha kuti tikamupeza tikamuuze kumene ali, akufuna adzamuone."

Ananena zimenezi ndi nkhope yowala, ngati munthu wobweretsa moni wa wachibale. Apa ndi pamene Arzula anayamba kukhulupirira kuti mwina anyamatawa si apolisi, popeza wapolisi sakanaulula zotere. Koma zimenezo sizinamutonthoze. Wapolisi amadziwa chimene wanyamula. Awa sankadziwa.

Lige anatseka pakamwa. Anavula chipewa, nachotsapo makoko a chimanga limodzilimodzi, nachivalanso.

"Mukamuuze kuti wachedwa," anatero. "Munthu uja anafadi. Bokosi lake ndinanyamula nawo ineyo."

"Linkalemera?" anafunsa Arzula, osadziwa chifukwa chake wafunsa.

"Kwambiri."

Wandevu anali ataona kanthu. Mwina zala zija, mwina mmene mkuluyo ankapumira pamalo pomwe woimbayo ankapumira. Anapita kugalimoto, nabwera ndi gitala, naigwira motambasula manja.

"Inu simuimbako, a Mabry? Ngakhale pang'ono, mutisonyeze mmene ankagwirira?"

Lige anaiyang'ana nthawi yaitali. Inali gitala yabwino kuposa iliyonse imene anaigwirapo. Analowetsa manja onse m'matumba.

"Ine ndi khasu basi, bwana. Koma ngati mabatire anu sakutha, lizaninso kamodzi."

Analiza kachitatu. Nyimbo itafika kumapeto, pamene woimbayo anayamba kuthamanga kuti amalize, Lige anapukusa mutu pang'ono. Anyamatawo analongedza makina awo, nathokoza, napepesa chifukwa chodzutsa chisoni chakale. Arzula anawalozera njira yachidule yotulukira m'deralo, ndipo ulendo uno inali njira yoona.

Fumbi litatsika, anakhala pansi n'kutenganso nyemba zake.

"Dzina langa," anatero. "Dzina langa lenileni, ndi munda womwe. Bwanji simunatchule ndi nambala ya nsapato zanga?"

"Linkakwana bwino m'nyimbo, mayi."

"A Mary onse ali m'dziko muno simunawaone?"

"Mukanandifunsa kuti Mary ndi ndani."

Arzula anasenda nyemba zingapo asanayankhe, chifukwa zimenezo zinali zoona.

"Nanga mame aja anakunyowetsani mukuchokera kuti?"

"Mayi, papita zaka makumi atatu."

"Ndiye mwakhala ndi nthawi yokwanira yokonza yankho."

Lige anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anafunsa, osamuyang'ana, "Koma ndinkaimba, eti?"

"Munkathamanga kumapeto."

"Nyali yofiira ija."

"Munkaimba," anatero Arzula, ndipo sanabwereze.

Ngati panalidi choopsa, palibe amene angatsimikize lero. Mwina mwana wa kapitawo ankangofuna kuona munthu amene bambo ake ankamutchula. Mwina ankafuna zina, ndipo chaka chimenecho zinazo zinkachitika masana, anthu akuona, popanda womangidwa. Ena mwa amene anamva nkhaniyi amati Arzula anamana mwamuna wake ulemu umene unamuyenera. Iwo amalankhula ali kutali, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anayenera kusankha pakhonde lija. Chodziwika n'chakuti anyamatawo sanabwerenso. Nyimbo ija inatulukanso kumpoto pa mbale yatsopano, pamodzi ndi mawu ofotokoza kuti woimbayo anafa ndi chibayo, manda ake anapita ndi madzi, ndipo umboni wake ndi wa mkazi wake wamasiye. Mbaleyo sinafike m'deralo, ndipo Arzula sakanalola kuti ilowe m'nyumba.

Lige anakhala zaka zina zitatu. Gitala sanaigwire, ndipo za maholo a kumpoto sanazitchulenso. Anafa ndi mtima m'nyengo yothyola thonje, ali pabedi lake, m'nyumba yake, popanda womufunafuna. Abusa, amene ankadziwa zambiri kuposa zimene ankaonetsa, anamutengera Arzula pambali mwambo usanayambe.

"Mlongo, tsopano palibe chimene angamuchite. Nditchule dzina liti?"

"Dzina lake simukulidziwa, abusa? Lige Mabry."

"Ndimati mwina pamaso pa Mulungu..."

"Mulungu akulidziwa kale. M'tchalitchimu mulinso anthu ena."

Abusa anatchula Lige Mabry. Kumanda, pamene anthu ankaimba ndi kutsitsa bokosi, Arzula anayang'ana nkhope za obwera, imodziimodzi, kuyambira kutsogolo mpaka kwa oima kumpanda. Zonse zinali zodziwika. Atatsimikiza zimenezo, anaphimba nkhope ndi mpango wake n'kuyamba kulira.